Gitala Yokuwa pa Sondo Pokha

Ndikukumbukira tchalitchi chathu cha kumudzi, kuseri kwa Chiparamba, chisanaikidwe siling'i ndi magetsi zimene zilimo lero. Chinali cha njerwa zootcha, malata ake ofiirira ndi dzimbiri, ndipo dzuwa likafika pamutu malatawo ankathetheka ngati chimanga cha m'chiwaya. Ukalowa, choyamba kukulonjera linali fungo la mileme, kenako la makandulo, kenako la mafuta odzola amene azimayi ankasungira tsiku la Sondo. Azimayi ankakhala kumanzere, azibambo kumanja, ife ana pansi kutsogolo, miyendo titatambalitsa pa simenti yozizira. Pangodya yakutsogolo, kumbali ya azibambo, panali kwaya. Pamenepo ndi pamene pankaima atate anga ndi gitala yawo yamagetsi.

Ndiyambe ndanena za atate, chifukwa mukapanda kuwadziwa simungamve chifukwa chake nkhani ya gitala inatidwalitsa mutu nyumba yonse. Atate anali mkamwini. Kwawo ndi ku Tamanda, kumudzi kwathu anabwera chifukwa cha amama. Munda umene ankalima unali wa amama, nyumba anaimanga okha koma pamalo a ambuya, amayi awo a amama, ndipo ife ana tikalakwa kwambiri nkhani inkapita kwa amalume. Ngakhale Chikatolika anachilowa ndi ukwati. Iwo anakulira m'tchalitchi cha Dachi. Anthu ankawakonda ndithu, sindinganame, koma pamaliro kapena pamsonkhano ankakhala kumbuyo, chipewa chili pabondo, osalankhula mpaka atafunsidwa. Malo amodzi okha amene anthu ankadikira iwo kuti ayambe ndi pangodya ya kwaya paja. Akagwira nsambo, ang'oma ankatsatira, azimayi a kwaya ankatsatira, ngakhale amalume ankatsatira.

Ndi ambuya ndiye sankayang'anana n'komwe. Ana a masiku ano mwina angaseke, koma kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi ankapewana, osati chifukwa cha udani koma ulemu. Akakumana panjira, atate ankapatukira m'tchire ngakhale muli chitedze, n'kunyonyomala atafulatira, moni n'kumaupereka ndi m'manja. Ambuya akafuna kuti atate awakonzere khasu ankauza ine, atate ali pomwepo akumva, ine n'kubwereza mawu omwewo, atate n'kuyankha ine. Ndinakula ndili lamya ya anthu awiri oti akanatha kupatsirana mchere pamanja.

Gitalayo anaigula ku Mwami chaka chimene thonje linachita bwino, kwa dalaivala wina wa thiraki. Kumene iye anaitenga sindikudziwa. Atate anabwera nayo panjinga itakulungidwa m'chitenje cha amama. Inali yofiira, yamimba yamphako, ili ndi timing'alu tiwiri tokhota ngati tinjoka. Pansi pa nsambo panali tizitsulo tiwiri timene atate ankati mapikapu. Anatifotokozera kuti m'kati mwake muli maginito, ndipo ndi timeneti timatola kunjenjemera kwa nsambo n'kukutumiza m'waya kupita ku sipika. Pikapu ya pafupi ndi khosi la gitala inkatulutsa mawu onenepa, ofatsa, ngati munthu wokhuta akulankhula. Inayo, imene atate ankaitcha ya kumatako amama n'kuwadzudzula kuti pali ana, inkatulutsa mawu owonda ndi akuthwa, otha kuboola phokoso la ng'oma n'kukapeza munthu wochedwa akuwoloka kudambo. Imeneyo ndiyo ankaikonda.

Tsiku limene inafika tinakhumudwa nayo. Ana a mudzi wonse tinaunjikana pakhonde, atate anaikhudza, iyo n'kungonong'ona, kamawu kochepa kuposa banjo ya chigubu imene anyamata ankapanga okha. Amalume anafunsa ngati thonje lonse lija lathera pa chinthu chosalankhula. Atate anangomwetulira n'kuti tidikire pa Sondo. Masiku otsatira tinkawaona akuiweramira ndi nsonga ya mpeni, akukweza pikapu pang'ono, akuitsitsanso pang'ono. Ankati ikayandikira kwambiri nsambo mawu amakhala aukali, ikatalikira amazizira, ndiye pamafunika pakati. Ife sitinkamva kusiyana kulikonse, koma tinkavomera.

Sipika yokha inali ya mpingo, bokosi lakuda lofika m'chiuno mwanga nthawi imeneyo. Moto inkatenga ku batire ya galimoto imene inkadzazidwa ndi sola ya padenga. Popeza kutchalitchi cha mudzi woyandikana nafe akuba anali atanyamulapo batire, athu anaitsekera m'bokosi lachitsulo n'kulimata ndi simenti pangodya penipeni. Waya wochoka pamenepo kupita ku sipika anali wamfupi ngati mkono wa munthu. Choncho sipika inali ngati mbuzi yapachingwe: pamene anaiika ndi pomwepo. Atate ankaima patsogolo pake ataifulatira, nkhope ikuloza kumbali ya azimayi kumene kunkaima wotsogolera kwaya. Miyezi yoyamba nyimbo zinkakoma moti anthu ena anayamba kulambalala matchalitchi a kwawo kubwera kwathu.

Kenako gitala inayamba kukuwa. Ngati simunamvepo, kumayamba pang'ono, kamluzu kochepa ngati udzudzu uli kuseri kwa khutu, moti umadzifunsa ngati wamva wekha. Usanadziyankhe kamakula, n'kukula, mpaka kufanana ndi nkhumba imene akuimanga panjinga. Tsiku loyamba inatero pakati pa nyimbo ya pambuyo pa kuwerenga. Makanda onse anadzuka nthawi imodzi. Galu wa a Tembo, akatekisiti athu, amene ankagona pakhomo Sondo iliyonse ngati mkhristu wochedwa, anathawa osaonekanso mpaka Mande. Atate anaphimba nsambo ndi chikhatho n'kupotokola kabatani ka volyumu, kukuwako n'kutha, koma nyimbo inali itafa kale. Anyamata kumbuyo ankasekera m'malaya. Ine ndinayang'ana pansi, makutu akutentha ngati ndakuwa ndine.

Chodabwitsa chinali chakuti pokonzekera nyimbo pa Chinayi masana gitala sinkakuwa ngakhale kamodzi. Atate ankatsegula volyumu mpaka kumapeto, mapikapu onse awiri ankawayesa, nyimbo zomwezo, batire yomweyo, koma zii. Ikafika Sondo, yayambanso. Ndiye anthu, mukudziwa, sasowa chonena. Ena ankati ndi thukuta la anthu ambiri limene likulowa m'mawaya. Amalume ankati batire ikadzadza kwambiri imafuna potulukira. Mayi wina wa kwaya anauza amama kuchigayo, mokhala ngati akuwamvera chisoni, kuti gitala imene yakulira m'mabala a ku Mwami singapirire nyimbo za Mulungu. Panalinso onong'ona kuti mwina ndi mwini wake amene Chidachi sichinamuthere. Amama anabwera nazo kunyumba zimenezi ufa uli pamutu, n'kufikira kukalipira nkhuku zimene sizinalakwe kanthu.

Ine ndinene pano kuti ndinabadwa wamantha, ndipo sindinasinthe. Lero lino mwana wanga akagona nthawi yaitali ndimapita kukaika chala pamphuno pake, akadzuka msanga ndimayambanso kudandaula kuti sanagone mokwanira. Anzanga ku koleji ankati ine ndimayamba kulira mayeso asanalembedwe n'komwe. Ndiye ganizirani kamtsikana kotero, kazaka khumi, katakhala pasimenti maso ali pa gitala ya atate ake. Ndinkayamba kudandaula pa Chiweru madzulo. Pa Sondo sindinkamva kuwerenga kapena ulaliki. Ndinkangotchera khutu kudikira kaudzudzu kaja, zala zili pafupi ndi makutu. Ndinkapemphera ndithu, koma pemphero langa linali limodzi: lero lokha isakuwe.

A Tembo anali munthu wofatsa, koma nawo anali ndi owafunsa. Chaka chimenecho, m'nyengo yozizira, Abambo a kuparishi ankabwera kudzachita Misa ya ana olandira Ukaristia koyamba, ndipo ine ndinali mmodzi wa anawo. Kwathu wansembe ankafika mwa apo ndi apo, choncho tsikulo linali la mudzi wonse. A Tembo anabwera kunyumba madzulo ena, anakhala pampando wa ndalema, analankhula za mvula ya chaka chatha ndi za tizilombo ta m'thonje, kenako anafika pamene ankapita. Anati akomiti akambirana. Gitala ikadzakuwa pamaso pa Abambo, ndiye kuti kwaya ibwerera ku ng'oma ndi maseche monga kale, gitala ikapume kunyumba. Kapena, anawonjezera akuyang'ana nsapato zawo, ingopumiratu panopa kuti pasadzakhale manyazi. Atate anayankha kuti amva, aikonza. A Tembo atapita anatsala pakhonde gitala ili pamiyendo osaiimba, akuipukuta ndi kansalu pamalo opukuta kale.

Kuyambira pamenepo gitala inasanduka wodwala wa panyumba. Choyamba atate anati vuto ndi mimba yamphako ija, mawu akalowamo amazungulira n'kusowa njira. Anatenga thonje lotsala m'thumba, nalichotsa njere, n'kumalilowetsa pa timing'alu tija ndi kamtengo mpaka gitala inalemera ngati khanda. Sondo inafika, inakuwa. Kenako anati ndi mapikapu amene akugwedera m'kati. Anapempha zidutswa za makandulo otsala kuguwa, anazisungunula m'chitini pamakala, anamasula mapikapu onse awiri n'kuwaviika m'phula lotentha lija, ife tikuonerera titazungulira mbaula. Nyumba inanunkha tchalitchi sabata yonse. Sondo inafika, inakuwa. Pamapeto pake anaisiyiratu pikapu ya kumatako ija. Kaswichi anakakankhira ku ya kukhosi, kabatani ka mawu akuthwa anakatsekeratu, volyumu n'kuitsitsa.

Gitala imene inkamveka kudambo inayamba kulankhula ngati munthu wachimfine amene wafunda bulangeti kumutu. Ng'oma zinkaimeza. Azimayi a kwaya anayamba kulowa nyimbo aliyense nthawi yake chifukwa sankamva poyambira. Ndipo kukuwako sikunathe. Kunangosintha mawu, kuchoka pa nkhumba kufika pa ng'ombe yosowa mwana wake. Atate anayamba kuchepa. Sindikudziwa mawu ena oti ndinene. Ankaima pangodya paja mapewa atagwa, monga mmene ankakhalira pamisonkhano.

Zinaululika tikuswa nsawa, Misa itayandikira. Tinali pamphasa pansi pa mtengo wa mango, ine, amama ndi ambuya, zala zikuwawa, makoko ataunjikana pakati. Atate anali kuseri kwa nkhokwe akusoka matumba, pamalo oti akumva koma osaoneka, monga mwa masiku onse. Ambuya makutu anali atayamba kuwathawa, ndipo monga amachitira anthu otere, ankalankhula ngati aliyense ali kutsidya kwa mtsinje. Anali mayi wofwenkha fodya, wosachedwa kutopa ndi anthu, woti ankatha kukufunsa pagulu chifukwa chake wanenepa. Tsikulo anayamba okha, osafunsidwa, akulankhula ndi amama.

"Iwe Rozi, gitala ya apongozi anga yadwala chiyani? Makutu atayamba kuvuta ndinachoka kukhomo kuja ndinabwera benchi yakutsogolo kuti ndiziimva bwino. Ndiye iyo n'kuyamba kunong'ona. Tsopano ndimanyamula kampando kanga mpaka pamapazi pawo, koma olo. Ikakuwa muja ndiye ndimadziwa kuti ilipo."

Anawonjezera kuti pa tsiku la mdzukulu wawo adzasendera ndithu mpaka bondo ligunde gitalayo. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola kwa munthu amene malovu amulowera kolakwika.

Amama anasiya kuswa, nsawa ili m'manja. Ndinawaona akuyang'ana kunkhokwe, n'kuyang'ana ambuya, n'kuyang'ananso kunkhokwe. Ine ndinazindikira mochedwa, koma nditazindikira zinabwera zonse zimene ndinkapenya Sondo iliyonse osaziona. Ambuya akakhala moyang'anizana ndi kwaya, atate ankatembenuka pang'onopang'ono mpaka kuwafulatira, monga akanachitira mkamwini aliyense wolongosoka. Ndipo kufulatira ambuya kunali kuyang'ana pangodya, gitala n'kukhala maso ndi maso ndi sipika. Pa Chinayi ambuya sankabwera. Tchalitchi chonse chinkaona atate akutembenuka, koma palibe anachiyesa kanthu, monga mmene sudabwira munthu akavula chipewa polowa m'nyumba.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndikutsuka mbale kuseri kwa khitchini, ndinamva amama akuwafunsa. Atate sanakane. Anati dalaivala uja anawachenjeza tsiku lomwe ankagula, kuti gitala ikayang'anizana ndi sipika, mawu otuluka m'sipika amagwedezanso nsambo, mapikapu n'kuwatolanso, n'kuwabwezera m'sipika atakula, basi kuzungulira komweko mpaka kukuwa. Ankadziwa kuyambira Sondo yoyamba.

"Nanga osanena bwanji, atate ake Esinati?" anafunsa amama.

"Ndinene kuti chiyani? Kuti amayi anu asunthe m'tchalitchi cha kwawo chifukwa cha ine?"

"Ndiye munaona kuti chapafupi n'kuphika gitala m'makandulo."

Kenako ndinamva amama akuseka, kuseka kosatheka kuima nako, mpaka anakhala pamtondo. Atate anayesa kukwiya, anati phula lija linathandizako ndithu, koma nawo kuseka kunali kutawagwira. Ine sindinaseke. Ndinkaona kuti vuto likadali pomwe linali: sipika singasunthe, atate sangayang'ane ambuya, ndipo munthu woti auze ambuya kuti abwerere kukhomo anali asanabadwe.

Amama sanauze ambuya kuti abwerere. Pa Chiweru choti mawa lake ndi Misa, azimayi akusesa m'tchalitchi, anawatenga ati akathandize kuyala nsalu paguwa. Amama anauzanso atate kuti abwere ndi gitala koma asalowe. Aime panja kuseri kwa zenera la pangodya, waya alowetse pazenerapo. Thonje anali atalikoka kale m'mawa ndi sipoko ya njinga, ndipo linatuluka mulu woti amama anadzasokera kapilo. Ndiye tikusesa, fumbi likuvina m'kuwala kwa pamazenera, mwadzidzidzi nyimbo inayamba m'tchalitchi mopanda woimba, mawu akuthwa aja amene tinali titawaiwala.

Ambuya anaponya maso uku ndi uku kufuna gitala. Amama anawagwira mkono, anapita nawo pangodya, n'kuika chikhatho chawo pa sefa ya sipika. Anawakuwira m'khutu kuti mawu satuluka m'gitala, amatuluka m'bokosi ili. Gitala ndi mpini chabe, khasu ndi ili. Ambuya anakhala kanthawi dzanja lili pomwepo, likunjenjemera ndi nyimbo. Kenako anawerama n'kuikapo khutu.

"Ndiye miyezi yonseyi ndakhala ndikumvetsera thabwa?"

Sanadikire yankho. Anandituma kampando kawo, anakaika pambali pa sipika, pafupi ndi bokosi la batire, nakhalapo ngati malowo anawasiyira makolo. Atate panja sanadziwe chimene chikuchitika. Anangopitiriza kuimba akuyang'ana munda wa mbatata wa eni ake.

A Tembo, amene anali pakhomo akukonza mabenchi a alendo, anabwera kudzafotokoza mwaulemu kuti ngodya imeneyo ndi ya kwaya, komanso ndi mbali ya azibambo. Ambuya anawayang'ana pakamwa mpaka anamaliza, kenako anati sakumva, makutu. A Tembo anabwereza mokweza. Ambuya anati pa msinkhu wawo palibe bambo amene angasokonezeke pemphero chifukwa cha iwo, ndipo ngati alipo abwere amuone. Nkhani inathera pomwepo.

Madzulo amenewo aliyense panyumba anali wopepukidwa kupatula ine. Amama akundiluka tsitsi pakhonde, mutu wanga uli pakati pa mawondo awo, ndinayamba kuwafunsa. Nanga ambuya akadzuka ataiwala n'kukakhala pakale? Nanga Abambo akawaona n'kuwachotsa? Nanga ikakuwa pa chifukwa china chimene sitikuchidziwa? Amama anandikoka tsitsi kuti ndikhale phee, anati ine ndikhoza kudandaula chilala mvula ikugwa m'munda mwanga. Kukhonde lina atate ankakweza ndi kutsitsa pikapu yawo ija ndi nsonga ya mpeni, akuimba mluzu, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

Tsiku la Misa kunacha kozizira, chifunga chili m'dambo. Tinavala zoyera. Diresi langa linali la msuweni wanga, lopindidwa m'munsi ndi mapini amene ankandibaya ndikagwada, miyendo yotuwa atandipaka mafuta mpaka kunyezimira. Galimoto ya Abambo inafika ndi fumbi lake, azimayi n'kuilandira ndi nthungululu. Tinalowa pamzere manja titaphatikiza pachifuwa. Ambuya anali kale pangodya, chitenje chatsopano, ndodo ili pakati pa miyendo. Atate anafika, ananyonyomala cham'mbali powapatsa ulemu, anaimirira n'kuwafulatira. Ndipo tsopano kufulatira ambuya kunali kufulatira sipika.

Ndinaona chala chawo chikukankhira kaswichi pansi, ku pikapu yawo ija, kenako chikutsegula volyumu. Nyimbo yolowera itayamba, mawu a gitala anakwera pamwamba pa ng'oma, oyera ngati madzi a pathanthwe, azimayi n'kulowa onse pamodzi. Ine ndinkadikirabe kaudzudzu. Ndinadikira pa nyimbo yoyamba, ndinadikira pa ya zopereka pamene anthu ankabwera ndi maungu, nsawa ndi nkhuku yomangidwa miyendo, ndinadikira mpaka ndinangozindikira ndili patsogolo pa Abambo, iwo atanyamula Ukaristia akudikira kuti ndinene Amen. Ndinanena mochedwa, mnzanga wakumbuyo atanditsina. Pobwerera pamalo ndinaba diso kuyang'ana pangodya. Ndinali nditaiwala mmene nkhope ya atate imaonekera akamaimba pa Sondo, chifukwa miyezi yonse ija tinkangoona msana. Anali atatsinzina diso limodzi, lilime litatuluka pang'ono cham'mbali. Kumbuyo kwawo ambuya anali atatsamira bokosi, akugwedeza mutu.

Sinakuwe. Misa itatha Abambo anafunsa a Tembo kuti woimba gitala uja ndi ndani, ndipo a Tembo asanatsegule pakamwa amalume anali atayankha kale, kuti ndi mlamu wawo, wa pamudzi pomwe pano.

Lero zinthu zinasintha. Tchalitchi chija anachikuza, masipika anawapachika m'mwamba m'makoma, ndipo pali kiyibodi imene mnyamata mmodzi amatulutsamo ng'oma, gitala ndi malipenga ndi zala ziwiri. China chake chikakuwa amangotsitsa kabatani osadzutsa mutu n'komwe. Atate amaimbabe, koma Sondo zina amangokhala ndi gitala pamiyendo kudikira nyimbo imene kiyibodi yawasiyira. Sadandaula, akuti zala nazo zatopa. Ambuya anatisiya ine ndili ku koleji. Pangodya paja anakhalapo mpaka miyendo itakana.

Kuno ku Chipata kumene ndimakhala, amama akabwera kudzandithandiza mwana, amuna anga amakhala nawo pasofa imodzi, amawatcha mami, amawaonetsa mavidiyo pafoni mitu itagundana. Poyamba zinkandichititsa manyazi moti ndinkathawira kukhitchini. Tsopano ndimathokoza, chifukwa nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, ndipo akanati azipewana wina akanagona panja. Mwambo umene unatsala pang'ono kulanda atate gitala sindingaulirire. Koma sindinganenenso kuti anthu awiri aja sankadziwana.

Khirisimasi yapitayi tili kumudzi, amuna anga anafunsa atate, uku akuseka, ngati n'zoona kuti zaka zonse zija sanalankhulanepo ndi apongozi awo. Atate ankamanga nsambo yatsopano, ndipo sanadzutse mutu.

"Ankalankhula," anatero. "Ndikathamangitsa nyimbo ankagogoda bokosi ndi ndodo. Ndikaimba bwino ankakhala chete."

Anapotokola nsamboyo, naikhudza, namvetsera.

"Masiku ano ndimathamanga, palibe wondiuza."